Kasankhidwe ka pulopela ya ndege ya rimoti kuno ku Harare

Pafupifupi Loweruka lililonse tikakumana kubwalo kumene timaulutsira ndege zathu za rimoti, pamapezeka munthu amene wagwira mota kudzanja lina, pulopela kudzanja linalo, n'kundifunsa kuti, "Achimwene, ziwirizi zingayendere limodzi?" Ena a ku Mabvuku, ku Highfield ndi ku Mufakose amatumiza chithunzi cha mota pa WhatsApp, n'kupempha kuti ndingowauza nambala imodzi yoti akagule. Kufunsako n'kwabwino, pakuti safunsa anadya phula, koma yankho lake silikwana mu uthenga umodzi, ndipo n'chifukwa chake ndalilemba pano lonse. Mfundo yaikulu ndi yakuti nambala imene yalembedwa pa bokosi la mota ndi poyambira chabe. Pulopela yoyenera imadziwika mukaiyesa pa ndege yanu, ndi batire yanu, mu mpweya wa kuno ku Harare, umene ndi wosiyana ndi mpweya wa kumene malangizo ambiri analembedwera.

1. Dziwani zimene manambala a pa pulopela akunena

Pa pulopela iliyonse pamalembedwa manambala awiri, monga 10x6, ndipo onse ndi a mainchesi. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Nambala yoyamba ndi utali wa pulopela kuchokera kunsonga ya tsamba lina kufika kunsonga ya linzake, kotero 10 akutanthauza masentimita 25.4. Nambala yachiwiri ndi imene kubwalo timaitcha pitch, ndipo imanena mtunda umene pulopela ikanayenda chamtsogolo pozungulira kamodzi ikanakhala kuti ikulowa mu chinthu cholimba, monga mmene sikuluwu imalowera m'thabwa. Mpweya suli ngati thabwa, pulopela imaterereka pang'ono, choncho ndege siyenda mtunda wonsewo.

Utali umapatsa ndege mphamvu yokoka, pitch imaipatsa liwiro. Amene munakwerapo njinga ya magiya mumvetsa msanga: pitch yochepa ili ngati giya yokwerera chitunda, pomwe pitch yaikulu ili ngati giya yothamangira pamalo osalala, imene imalemera poyamba kupalasa.

Zilembo zimene zimatsatira manambala nazonso musazidumphe. Pa mapulopela a kampani ya APC, chilembo E chikutanthauza kuti ndi ya mota yamagetsi, SF ndi ya ndege zopepuka zouluka pang'onopang'ono, ndipo P ndi yozungulira mobwerera. Imene ilibe chilembo nthawi zambiri ndi ya injini yamafuta, yokhuthala ndiponso yolemera. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuika pulopela ya SF pa mota yothamanga chifukwa choti manambala ake afanana ndi amene munthu anauzidwa. Kampani ya APC imanena kuti pulopela ya SF isazungulire pa mphindi imodzi kuposa maulendo amene mumapeza pogawa 65,000 ndi utali wake, kutanthauza kuti ya mainchesi 10 isapitirire 6,500, pomwe ya E yautali womwewo imaloledwa kupitirira 14,000. Mukaithamangitsa kuposa pamenepo, masamba ake amapindika, imalira modabwitsa, ndipo tsamba likhoza kuthyoka n'kuuluka.

2. Yezani kulemera kwa ndege, ndipo muvomereze mtundu wake

Ikani ndege pa sikelo ya kukhitchini ili yokonzeka kuuluka, batire ili momwemo. Kaganizidwe kamene oulutsa ndege ambiri amatsatira n'kakuti ndege yophunzirira imafuna mawati 150 mpaka 200 pa kilogalamu iliyonse, yochita masewera ogudubuzika m'mwamba imafuna 220 mpaka 300, ndipo yoima njii pa pulopela imafuna oposa pamenepo. Kuno ndimalangiza kuti mutenge nambala yapamwamba, pa chifukwa chimene ndifotokoze pa mfundo yachisanu. Ngati ndege yanu yophunzirira ikulemera makilogalamu 1.2, mukufuna mawati pafupifupi 240.

Mtundu wa ndege ndi umene umakuuzani mgwirizano wa manambala awiri aja. Ndege ya mapiko aakulu apamwamba, yonyamuka pa udzu, imafuna pulopela imene utali wake ndi kuwirikiza kawiri pitch yake, monga 10x5 kapena 12x6. Ndege yosongoka yothamanga imafuna manambala oyandikana, monga 6x5 kapena 7x6. Achinyamata ambiri amalakalaka liwiro, n'kuika pitch yaikulu pa ndege yophunzirira, ndipo zotsatira zake ndege imathamanga mtunda wautali pansi isananyamuke, kenako imakwera movutikira.

3. Lembani malire atatu pa pepala

Mota ili ndi malire a maampu amene ingapirire, ESC ili ndi ake, batire nayonso ili ndi ake. ESC ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa batire ndi mota, kamene kamawongolera liwiro la mota mukasuntha ndodo ya mphamvu pa rimoti. Malire ochepetsetsa mwa atatuwa ndiwo malire anu. Ngati mota yalembedwa maampu 25 ndipo ESC ndi ya 30, malire anu ndi 25, ndipo ndi bwino kuti ESC izikhala ndi mpata wa gawo limodzi mwa magawo asanu pamwamba pa zimene mota ikukoka. Malire a batire mumawapeza pochulukitsa kukula kwake ndi nambala ya C imene yalembedwa pa batireyo: batire ya 2200 mAh (kutanthauza 2.2 Ah) ya 25C pa pepala imapereka maampu 55, ngakhale kuti batire yokalamba sifikako.

Pa mota pamalembedwanso nambala ya KV, imene ndi maulendo amene mota imazungulira pa mphindi pa voliti iliyonse ikakhala yopanda pulopela. Batire ya mtundu wa LiPo ya 3S, kutanthauza ya maselo atatu, ili ndi mavoliti 11.1, ndipo ikadzaza imafika 12.6. Choncho mota ya 1000KV pa 3S imazungulira pafupifupi 11,000 yopanda kanthu, ndipo mukaimangirira pulopela imatsika, nthawi zambiri kufika cha m'ma 9,000. Mota ya KV yaikulu imafuna pulopela yaing'ono, ya KV yochepa imafuna yaikulu. Chenjezo limene ndimalibwereza kwambiri ndi ili: mukasintha batire kuchoka pa 3S kupita pa 4S, pulopela iyenera kuchepa. Mavoliti akawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, mphamvu imene pulopela yomweyo imafuna imayandikira kuwirikiza kawiri, ndipo ma ESC ambiri amene ndawaona akufuka utsi anapsa mwa njira imeneyi.

4. Yezani mpata wa pansi, kenako gulani zitatu

Imikani ndege mopingasa monga mmene imakhalira ikamathamanga ponyamuka, n'kuyeza kuchokera pa shafuti ya mota kufika pansi. Theka la utali wa pulopela liyenera kusiya mpata wa masentimita atatu kapena anayi. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, udzu umakula msanga ndipo umadya nsonga za pulopela, pomwe mu Ogasiti ndi Seputembala nthaka imauma gwa, timiyala n'kumalumpha. Mpata ukachepa, mungathe kukweza miyendo ya ndege kapena kutenga pulopela ya masamba atatu yofupikirako ndi inchi imodzi, ngakhale kuti ya masamba awiri imagwiritsa ntchito bwino mphamvu ya batire.

Popeza zipangizozi zambiri timachita kuitanitsa kuchokera ku Johannesburg kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo munthu amadikira milungu ingapo, musaitanitse pulopela imodzi. Tengani imene opanga mota anena, ina ya pitch yokwererapo ndi inchi imodzi, ndi ina yotalikirapo ndi inchi imodzi. Ngati anena 10x5, itanitsani 10x5, 10x6 ndi 11x5, ziwiriziwiri ngati thumba likulola. Kwa wophunzira, za pulasitiki ya nayiloni monga za kampani ya Master Airscrew zimapirira kugunda pansi. Zamatabwa zimapepuka ndipo zimakongola, koma zimathyoka pa kutera koyamba kolakwika.

5. Yezani maampu, ndipo muganizire mpweya wa ku Harare

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa, koma ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukufunika kachipangizo kotchedwa wattmeter, kamene kamalumikizidwa pakati pa batire ndi ESC n'kumaonetsa mavoliti, maampu ndi mawati nthawi imodzi. Mtengo wake sufika pa mtengo wa mota ndi ESC zimene kangakupulumutsireni, ndipo ngati simungathe kugula nokha, sonkhani anthu atatu kapena anayi muzibwerekana.

Mangani ndege kumchira ndi chingwe pa chikhomo, kapena mnzanu aigwire molimba ali kumbuyo kwa mapiko. Pasakhale munthu kutsogolo kapena m'mbali molunjika ndi masamba, makamaka ana, amene amakonda kuunjikana pamene pakulira mota. Gwiritsani ntchito batire yodzaza. Kwezani mphamvu pang'onopang'ono mpaka kumapeto, dikirani masekondi asanu kuti manambala akhazikike, werengani, ndipo muzimitse musanapitirire masekondi 15, chifukwa ndege ikakhala pansi mota silandira mphepo yokwanira yoiziziritsa. Lembani mavoliti, maampu ndi mawati m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi nthawi. Mota ikazizira, ikani pulopela yachiwiri, batire ina yodzaza, n'kubwereza. Nthawi zonse muziyamba ndi pulopela yaing'ono.

Tsopano za mpweya. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Pamtunda wotere mpweya umapepuka ndi 14 peresenti poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja, ndipo kukatentha umapepukiratu: masana a mu Okutobala, kutentha kukafika madigiri 30, kusiyanako kumafika pafupifupi 20 peresenti. Pulopela imagwira ntchito pokankha mpweya, choncho mpweya ukapepuka imakankha zochepa pa ulendo uliwonse wozungulira. Mapiko nawonso amanyamula zochepa, kotero ndege imafunika kuthamanga kwambiri ndi 8 mpaka 12 peresenti kuti inyamuke ndiponso kuti isagwe. Ichi n'chifukwa chake ndege imene munaiona pa YouTube ikunyamuka ngati njiwa ku England imafika kuno n'kumakwawa pa udzu, zipangizo zili zomwezo.

Koma pali mwayi umene anthu ambiri saudziwa. Mota yamagetsi sipuma mpweya, kotero sitaya mphamvu chifukwa cha kukwera kwa malo. Chimene chimachitika n'chakuti pulopela imaipepukira, ndipo imakoka maampu ochepa kuposa amene alembedwa pa pepala la opanga. Mpata umenewo ndi wanu, ndipo mumaubweza poika pulopela yokulirapo pang'ono. Tiyerekeze kuti ndege ija ya makilogalamu 1.2, ya mota ya malire a maampu 25, yaonetsa maampu 17 ndi mawati 190 pa 10x5. Simunafike pa mawati 240 amene mukufuna, ndipo mota idakali ndi mpata waukulu, choncho mungathe kukwera. Funso ndi lakuti mukweze chiyani, utali kapena pitch.

Ziwirizi sizilemetsa mota mofanana. Kuwonjezera pitch kuchoka pa 5 kufika pa 6 kumawonjezera katundu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, kapena kucheperapo. Kuwonjezera utali kuchoka pa 10 kufika pa 11 kumawonjezera katundu ndi pafupifupi theka ngati liwiro la kuzungulira lingakhale lomwelo, chifukwa katundu amakula ngati utali wochulukitsidwa ndi iwo wokha kanayi. Mota imabwerera m'mbuyo pang'ono, kotero maampu sakwera ndi theka lonselo, komabe amakwera kwambiri kuposa mmene maso angaganizire poona inchi imodzi. Ineyo ndinawotchapo mota yatsopano mwa njira imeneyi zaka zapitazo: ndinadumpha mainchesi awiri nthawi imodzi popanda kuyeza, ndege inakwera mokongola kwa mphindi imodzi, kenako fungo la waya wopsa linatsikira pansi ndege isanatere. Kuyambira pamenepo sindisintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo sindidumpha kuposa inchi imodzi.

Kuti mudziwe ngati vuto lili pa pitch, werengerani liwiro limene pulopela ingapereke. Chulukitsani maulendo ozungulira pa mphindi ndi pitch, n'kugawa ndi 656, ndipo yankho ndi makilomita pa ola. Pa 9,000 ndi pitch ya 5 mupeza 69, pomwe ndi pitch ya 6 mupeza 82. Liwiro limeneli liyenera kukhala kuwirikiza kawiri ndi theka kapena katatu liwiro lochepetsetsa limene ndege yanu imatha kuuluka isanagwe. Ndege yophunzirira imene imagwa pa makilomita 28 pa ola m'mphepete mwa nyanja imafuna oposa 30 kuno, ndiye kuti 69 yachepa ndipo 82 yakwanira. N'chifukwa chake kwa ndege zambiri za kuno ndimayamba ndi kukweza pitch, ndipo ndimakweza utali pokhapokha ngati vuto ndi kunyamuka pa udzu kapena kukwera motsetsereka.

Musadzaze malire onse. Siyani mpata wa maampu awiri kapena atatu, chifukwa mpweya wa m'mawa wa mu Juni, kutentha kuli pa madigiri 10, umalemera ndi 7 peresenti kuposa wa masana a mu Okutobala, ndipo pulopela imene munaisankha pa malire m'chilimwe idzawapitirira m'nyengo yozizira. Chimodzimodzinso mukatenga ndege popita kumudzi pa tchuthi. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, kunyanja ku Salima kapena ku Mangochi n'kosakwana 500, ndipo ku Beira ndi pa nyanja yamchere penipeni. Mukafika kumeneko yezaninso, kapena bwererani ku pulopela imene opanga ananena. Pa chifukwa chomwechi, malangizo a munthu wa ku Johannesburg, kumene n'kokwera kuposa kuno, amatiyenera kuposa a munthu wa ku Durban kapena ku Cape Town.

Pomaliza pa mfundoyi, dziwani kuti kuyesa kwa pansi kumaonetsa maampu ochuluka kuposa amene mota idzakoke ndege ikamauluka molunjika, chifukwa mpweya ukamabwera wokha kutsogolo pulopela imapepukidwa. Kusiyanako musakuwerengere ngati phindu loti mudye, chifukwa ndege ikamakwera motsetsereka mphamvu zili zonse, katundu amabwerera pafupi ndi wa pansi uja.

6. Ngati injini yanu ndi yamafuta

Zimene ndanena zokulitsa pulopela ndi za mota yamagetsi yokha. Injini ya glow (yoyendera mafuta apadera a ndege za rimoti) kapena ya petulo imapuma mpweya womwewo wopepukawo, ndipo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse, kutanthauza 15 peresenti kuno. Pulopela yapepukidwa, koma injini nayo yafooka mofanana, choncho palibe mpata woti mubweze. Khalani pa manambala odziwika, malinga ndi nambala yosonyeza kukula kwa injini yanu: 9x6 pa injini ya .25, 10x6 pa .40, 11x6 pa .46, ndi 12x6 kapena 11x7 pa .60. Ndege ikamavutika kunyamuka, yesani yotalikirapo ya pitch yochepa, monga 11x5 m'malo mwa 10x6. Musaike pulopela ya E pa injini yamafuta, chifukwa kugunda kwa pisitoni kumaithyola patsinde. Poimanga, ikani kuti izikhala yopingasa pamene pisitoni yayamba kulimba, kuti injini ikazima m'mwamba masamba asakhudze pansi potera.

7. Linganizani masamba, ndipo mumange moyenera

Pulopela yatsopano sikhala yolingana nthawi zonse. Iikeni pa chipangizo cholinganizira, kapena pa kachitsulo kowongoka kogona pa milomo ya matambula awiri ofanana, m'chipinda chopanda mphepo. Tsamba lolemera limatsikira pansi. Pakani vanishi wa zikhadabo wosaoneka mtundu pa tsamba lopepukalo, kapena matani kachidutswa ka tepi, mpaka pulopela izikhala yopingasa. Musadule nsonga ya tsamba limodzi. Kunjenjemera kwa pulopela yosalingana kumamasula masikuluwu, kumadya mabering'i a mota, ndipo kumawononga mwakachetechete ma servo, timamota tating'ono tosuntha ziwongolero za ndege.

Bowo la pakati liyenera kukwana pa shafuti popanda kugwedera. Mapulopela ambiri amabwera ndi timphete tochepetsera bowo, ndipo musatitaye. Ngati bowo lachepa, likulitseni ndi chipangizo chake chotchedwa reamer, osati ndi mpeni kapena dirilo yogwira pamanja, chifukwa bowo likangopatuka pakati, kulinganiza masamba sikuthandizanso.

Mbali imene ili ndi manambala, imene ndi yotukuka, imayang'ana kumene ndege ikupita, ndipo izi sizisintha ngakhale mota itakhala kumbuyo kwa phiko. Pulopela yoikidwa chagada imakankhabe mpweya kumbali yoyenera, n'chifukwa chake anthu amanyengeka, koma mphamvu yake imachepa kwambiri. Pulopela wamba imazungulira motsutsana ndi mivi ya wotchi mukaiyang'ana muli kutsogolo kwake. Mota ikamazungulira molakwika, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatu amene amachokera ku ESC, ndipo zimenezi, monganso kukonza kulikonse kwa rimoti m'nyumba, muzichita pulopela mutaichotsa. Pulopela imene yang'aluka, kapena imene yayera patsinde pa tsamba itagunda pansi, ndi yotaya, ndipo guluu aliyense sangaibwezeretse.

8. Ulutsani, terani msanga, khudzani

Ulendo woyamba ukhale wa mphindi zitatu zokha. Onani mtunda umene ndege yathamanga isananyamuke, onani ngati ikutha kuuluka mopingasa mphamvu zili theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo yesani kukwera mphamvu zili zonse kwa masekondi ochepa. Mukatera, chotsani batire choyamba, kenako ikani chala pa mota ndi pa ESC. Ngati mungathe kusiya chala pamenepo kwa masekondi asanu, zili bwino. Ngati chikukuwotchani, kutentha kwapitirira madigiri 60, ndipo maginito a mota amayamba kufooka kosabwerera akayandikira 80, choncho tsikani pa pulopela kapena tsegulani njira yoti mphepo izidutsa pa mota.

Ndege imene yanyamuka msanga koma m'mwamba ikulira kwambiri popanda liwiro ikufuna pitch yowonjezera. Imene yachedwa kunyamuka koma ikathamanga sifuna kuchepetsa liwiro ikufuna utali wowonjezera ndi pitch yochepa. Mukatchajanso batire, onani ma mAh amene abwereramo: ngati batire ya 2200 yalandira 700 pa mphindi zitatu, ndiye kuti mphindi zisanu ndi ziwiri zidzadya 1,630, ndipo pamenepo ndi pamene muyenera kuika alamu ya pa rimoti, popeza LiPo siyenera kutha kupitirira 80 peresenti. Lembani nambala ya pulopela, maampu ndi mwezi umene munayeza pa kachidutswa ka tepi, n'kumata mkati mwa chitseko cha batire, kuti pamene mudzaitanitse ina, kapena pamene nyengo idzasinthe, mudzayambire pa manambala anu.